Mwana Wosakhazikika M'kalasi

Mau olankhulidwa kwa makolo ndi aphunzitsi a m'midzi

Pafupifupi m'sukulu iliyonse muli mwana amene aphunzitsi amadandaula naye. Sakhazikika pa benchi, amayankha funso lisanathe, ndipo pensulo yake imatayika tsiku ndi tsiku. Wina ndi wofatsa ndithu, koma watha zaka ziwiri mu Sitandade 2 osasiyanitsa b ndi d. Kunyumba amati ndi wamwano kapena waulesi, ndipo ena amati analodzedwa.

Madokotala amatchula vuto loyambalo ADHD, lachiwirilo dyslexia. Mwa ana 100 alionse, pafupifupi 5 ali ndi loyambalo. Si ufiti ai, ndiponso si kulera koipa. Ubongo wa mwanayo umavutika kugwira chinthu chimodzi nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri zimenezi zimatsata mtundu. Nzeru ali nazo monga anzake.

Choyamba, mwanayo apite kuchipatala. Makutu otuluka mafinya, maso osaona bwino, khunyu ndi njala zimachititsanso mwana kusamvetsera. Malungo a mu ubongo nawonso amasiyira ana ena vuto lotere.

Chachiwiri ndi ntchito ya mphunzitsi. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi anadzaza, ndipo mphunzitsi sangathe kukhalira mwana mmodzi. Komabe zilipo zazing'ono zotheka. Mwanayo akhale kutsogolo, kutali ndi khomo ndi zenera. Auzidwe chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo achibwereze ndi pakamwa pake. Masamu 10 apatsidwe awiriawiri. Popeza thupi lake lifuna kuyenda, atumidwe kufufuta bolodi kapena kugawa mabuku. Akachita bwino ayamikidwe pomwepo, ndi kumuuza chimene wakhoza: "Wamaliza mzere wonse osadzuka." Mphunzitsi akhoza kuponya kamwala m'chitini nthawi iliyonse mwanayo akakhoza, timiyala tikakwana 5, ndiye aimbe belu tsiku limenelo.

Chikwapu sichichiza vutoli. Chimangophunzitsa mantha, ndipo mwana wokwapulidwa masiku onse pa chinthu chimene sangathe kuchileka, mapeto ake amathawa sukulu.

Chachitatu ndi makolo. Mwanayo agone nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, amwe phala asanapite kusukulu, ndipo madzulo awerenge mphindi 10 zokha ndi mkulu wake. Pomutuma, amutume chimodzi. Akabwera, amutume china. Makolo ndi mphunzitsi azionana mwezi ndi mwezi kuti malamulo a kunyumba ndi a kusukulu agwirizane.

Ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, amaphunzitsako aphunzitsi odziwa kuthandiza ana ovutika kuphunzira. Mphunzitsi wamkulu afunse kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni mwake kumene kuli mphunzitsi wotere wapafupi.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana wothandizidwa mu Sitandade 1 kapena 2 amagwira msanga kuposa amene wadikira mpaka wadana nayo sukulu.