Bango la m'mbali mwa mitsinje ndilo likusunga minda yathu



Tiyambe ndi anansi athu a ku Mozambique. Mukatsika mpaka kunyanja yamchere, ku Quelimane ndi komwe Zambezi amathira, mukapeza mitengo yomera m'matope yotchedwa mangrove. Mizu yake imalukana ngati dengu. Funde likafika limatha mphamvu m'mizumo, matope amatsalira pomwepo, gombe silikumbika. Pazilumba zazing'ono ngati Inhaca, pafupi ndi Maputo, pomwe nthaka ndi yochepa kale, mitengoyi ndi linga. Ku Quelimane anthu anaidula kuti aotche makala ndi kumangira nyumba, madzi n'kuyamba kulowa m'makomo, mpaka anachita kuibzalanso.

Wina ati kuno ku Mwanza kulibe nyanja. Zoona. Koma ntchito yomweyo kuno amaigwira ndi bango, nsenjere, nsungwi, mikuyu ndi katope m'mbali mwa Mwanza ndi Mkulumadzi. Ndipo tisanamizane, tazilambula ndife tomwe pofuna kukuza dimba mpaka phazi kuponda m'madzi.

Zotsatira tinaziona. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Freddy atabwera mu Malichi 2023, Mwanza inali m'gulu la maboma omwe analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Mchenga umene wakwirira mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa, n'kumasefukira m'midzi ya anzathu, sunagwe kumwamba. Wambiri unachoka kumtunda kuno, pamodzi ndi feteleza amene tinagula movutikira.

Ife amene tinagwirako ntchito ya ulangizi tili ndi mlandu wathu. Tinkangoti "siyani kulima m'mbali mwa mtsinje", n'kukwera njinga kubwerera ku ofesi. Funso lakuti banjalo lidya chiyani mu Okutobala sitinkaliyankha. Mayi amene tomato wa kudimba ndiye fizi ya mwana sangasiye chinyontho chifukwa cha mawu okha.

Nchifukwa chake bungwe lathu likupempha zogwirika. Khonsolo ndi a zaulimi athandize makalabu kupeza mapampu ndi mapaipi, kuti madzi azitsatira dimba kumtunda. A zankhalango atipatse mbande ndi machubu nthawi yake, osati mvula itatha. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yakeyake ndi komiti yoyang'anira. Tiligwiritse ntchito m'mbali mwa mitsinje. Lamuloli analikhwimitsa mu 2020, koma pa makala a ku Thambani lisamagwire wa njinga yekha, malole odzaza matumba akudutsa usiku.

Mafumu athu, gombe liyezedwe ndi inu, malire akhale amodzi kwa aliyense, ngakhale m'bale wa mfumu. Kalabu iliyonse ibwere kumsonkhano wotsatira itadziwa malo omwe agumuka m'dera lake, ndi komwe ingapeze mbewu ya vetiva ndi bango mvula isanayambe.