Woyala Mphasa: Mawu kwa Nthumwi za Sinodi pa za Osamala Nkhalamba Zoiŵala



Tikapita kukazonda nkhalamba imene nzeru zayamba kuithaŵa, timakhala pansi, kupemphera, ndi kutsazika. Koma amene watiyalira mphasa uja sitimfunsa kuti anagona liti. Ndifuna kulankhula za iyeyu.

Nthendayi madokotala amaitcha dementia. Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi wina amene anadwala chomwechi ku Frankfurt. Atamwalira, anapeza kuti ubongo wake unali utawonongeka. Tsono si ufiti ayi, ndiponso si ukalamba wamba. Bungwe la WHO linaŵerengera kuti mu 2021 odwala otere analipo 57 miliyoni pa dziko lonse, ndi kuti mwa maola 10 alionse osamalira odwalaŵa, 7 amagwera akazi.

Pa mpingo wina kumene ndinatumikira, mayi wina analeka kufika ku misonkhano ya amayi. Ife tinangoti wazilala. Chonsecho anali kusamala amayi ake. Dzuŵa likapendeka, agogowo ankamanga katundu, ati akupita kwawo, kwa makolo amene anamwalira kalekale. Usiku mwana wawoyo ankagona chotsamira chitseko, kuopa kuti akatuluka ndi kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, anthu adzati mfiti yagwa. Inde, ku Malaŵi lamulo la 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, koma khamu lonyamula miyala silifunsa za malamulo.

Nditafikako anati, "Abusa, dzulo ndinaŵakalipira amayi anga, ndipo anandifunsa kuti ndine mwana wa yani." Analira, nadziyesa wochimwa koposa onse. Ine ndinamŵerengera vesi. Ndikuvomera pamaso panu kuti tsiku limenelo chimene ankasoŵa kwenikweni ndi tulo.

Mankhwala ochiza nthendayi palibe, koma katundu wa wosamala angapepuke. Timuuze kuti kupsa mtima kwa munthu wosagona sikutanthauza kuti chikondi chatha. Timphunzitse kusatsutsana ndi wodwala: agogo akafuna amayi awo, asaŵauze za maliro kachiŵiri, koma aŵafunse kuti amayiwo ankalima chiyani. Nawo alongo ake a m'tauni, amene amatumiza ndalama pafoni, tiŵauze kuti ndalama sizilonda chitseko usiku.

Pa maliro timadziŵa kugaŵana ntchito: aŵa nkhuni, aŵa madzi, aŵa kumanda. Ndikupempha Sinodi ilangize mipingo kuti ichite chimodzimodzi munthu akali moyo. Mkulu aliyense alembe makomo otere m'dera lake, ndipo anthu aŵiri azipitako tsiku limodzi pa sabata kukakhala ndi agogo, kuti wosamala apite kumsika, kapena angotseka chitseko ndi kugona.