Mmera M'poyamba: Mawu a pa Msonkhano wa Nthambi ya Nthalire



Akulu athu akukumbukira masiku a malimidwe m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunda migula, ndipo wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anadana ndi chikakamizocho, ndipo anachita bwino. Ufulu tinaulandira mu 1964. Tsono nthaka ikakokoloka lero, palibe mzungu woti timuloze chala. Nyika idakhala paki mu 1965, malire ake adakulitsidwa mu 1978, ndipo nkhuni ndi milimo sitingakazitengenso kumeneko. Mitengo imene tidzaotha ndi kumangira ndi imene tifesa tokha.

Chaka ndi chaka nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ambiri timabzala, koma mbande zambiri zimauma, chifukwa zidachoka ku nazale zili zodwala kale. Chimene chimazidwalitsa ndicho madzi okhazikika m'chubu. Muzu umapuma ngati munthu, ukamizidwa umawola.

Tsono mverani. Machubu akasowa, tengani mapaketi a shuga, zitini kapena mabotolo odula pakamwa. Boolani pansi ndi msomali mabowo 4 kapena 5. Chotengera chopanda bowo ndi manda a mbande.

Dothi la makande la kudambo lisiyeni, chifukwa limasunga madzi, ndipo likauma limalimba ngati njerwa. Sakanizani magawo 3 a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo 1 la mchenga wa kumtsinje, ndi gawo 1 la manyowa owola bwino. Manyowa aawisi amatentha mizu. Nyowetsani pang'ono, mufinye m'dzanja: dothi labwino limagwirana, koma mukalikhudza ndi chala limayoyoka. Podzaza, gwedezani chubu kuti dothi likhazikike, osatsendera ndi mtengo ayi.

Njere ya msangu ili ndi khungu lolimba. Ichekeni pang'ono ndi chowengera zikhadabo kumbali yopanda diso, mufese ziwiri m'chubu, osazamitsa. Zikamera zonse, zulani yofooka. Msangu umathamangitsa muzu wake pansi, choncho machubu ake aikeni pa thandala, kuti muzu ukatuluka uime wokha. Machubu ena amene ali pansi muziwanyamula sabata ndi sabata ndi kudula mizu yotuluka.

Thirirani m'mawa ndi madzulo, koma yambani mwapisa chala m'dothi. Ngati n'lonyowa, kheni ibwerere. Mangani mthunzi wa udzu, ndipo kutatsala masabata 2 kapena 3 kuti muokere, chotsani udzuwo pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi, kuti mbande zizolowere dzuwa la kumunda. Pookera, ng'ambani chubu, dothi lisagumuke.

Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yake, yoyang'aniridwa ndi komiti ya pamudzi pomwepo. Mafumu athu, tikupempha malo a nazale pafupi ndi madzi. Anyamata atute mchenga, amayi ndi abambo adzaze machubu mwezi wa Sepitembala usanathe, ndipo mlembi wa nthambi alembe mbande za mudzi uliwonse. Mvula ikadzatha tidzawerenga pamodzi mitengo imene yagwira.