Za Kuika Ndalama m'Kampani Yogula Magawo Kutsidya kwa Nyanja

Ndine wamng'ono pakati panu, koma popeza mwandipatsa malo, ndinena za cinthu cimene ena a ife ayamba kumva kwa abale ao okhala ku Britain, ndico kuika ndalama m'makampani ochedwa investment trust. Nditenga imodzi yokha, Scottish Mortgage, cifukwa ndiyo yochuka, ndiponso mbiri yace iphunzitsa bwino.

Kampani imeneyi siumba njerwa, sigaya cimanga, sigulitsa nsaru. Nchito yace ndiyo kusonkhanitsa ndalama za anthu ambiri, ndi kugula nazo magawo, amene ena ati masheya, m'makampani ena a m'maiko osiyana. Munthu akagula gawo limodzi la kampaniyo pa msika wa magawo wa ku London, ndiye kuti ali nako kacigawo kakang'ono m'makampani onsewo. Inayamba m'caka ca 1909 ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kuti ikongoze ndalama kwa alimi a mpira a ku Malaya, ndipo oiyang'anira ndiwo a Baillie Gifford. M'caka ca 2017 inalowa m'gulu la makampani 100 akulu koposa pa msika wa ku London.

Tsono maganizo ao ndi awa. Iwo ati, mwa makampani ambiri a pa dziko lapansi, owerengeka okha ndiwo abala cuma cambiri, ndipo otsalawo angoyenda cabe kapena kufa. Cotero afunafuna owerengekawo akali ang'ono, nawagwira zaka zambiri, osasamala ngati ena atayika panjira. Anagula magawo a Tesla, kampani yopanga galimoto zoyenda ndi magetsi, m'caka ca 2013, pamene ambiri anali kuiseka. Anagwiranso Amazon nthawi yaitali. M'caka ca 2020 cokha mtengo wa gawo la Scottish Mortgage unakwera kuposa kawiri, ndipo mbiri yace inamveka ponseponse. Ndipo monga mudziwa, mvula ikagwa bwino caka cimodzi, ngakhale waulesi ayamba kunola khasu.

Koma tamvani cimene cinatsata. M'mwezi wa November 2021 gawo limodzi linapitirira mapaundi 15. Pofika caka ca 2023 linali pansi pa mapaundi 7. Tiwerenge monga ticitira ndi ana m'kalasi: mphunzitsi amene anaikamo K10,000 pa nthawi ya kukwerako, akadafuna ndalama zace za fizi ya mwana m'caka ca 2023, sakadalandira ngakhale K5,000. Palibe anamubera, palibe anathawa nazo. Mabanki akulu a ku America ndi ku Britain anakweza ciongoladzanja m'caka ca 2022, ndipo anthu analeka kulipira mtengo waukuru pa makampani amene phindu lao likali kutsogolo. Zinangotero basi.

Pali zinthu zina zimene zikulitsa ngoziyo, ndipo ndipempha muzimvetse, pakuti wogulitsa sazichula msanga. Kampani yotere iloledwa kukongola ndalama kuti igule magawo oonjezera. Mitengo ikakwera ngongoleyo icurukitsa phindu, koma ikatsika icurukitsanso kutaya. Ndiponso mukafuna kuturuka, kampani sikubwezerani ndalama monga icita banki. Muyenera kupeza munthu wina pa msika wogula gawo lanu, ndipo iye apereka cimene afuna. M'caka ca 2023 anthu anali kugula gawo pa mtengo wocepa ndi limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi cuma cimene gawolo liimira. Ziri ngati kugulitsa ng'ombe yonenepa m'mwezi wa January, pamene mudzi wonse uli kugulitsa zao cifukwa ca njala. Ng'ombe iri bwino, koma ogula ndiwo asowa.

Cinanso, mbali yaikuru ya cuma cace iri m'makampani amene sanalowe pa msika, ndipo mtengo wao ungoyerekezedwa. Imodzi mwa iwo inali Northvolt, ya ku Sweden, yopanga mabatire a galimoto, imene inagwa m'mwezi wa March 2025.

Kwa ife kuno kuli vuto loonjezera, ndilo la kusintha ndalama. M'caka ca 2021 kwaca inalimba m'miyezi yowerengeka, kucokera pa K22 kufika pafupi K16 pa dola imodzi. Munthu wokhala ndi cuma cace kunja anaona cikucepa powerenga m'makwaca, ngakhale magawo ace sanatsike. Zaka zina ziyenda mosiyana, nizimkomera. Koma palibe mmodzi wa ife angalamulire zimenezo.

Sindinena kuti kampaniyi ndi yacinyengo, iai. Yakhala zaka zoposa 100, ndipo eni ace anena poyera kuti wolowamo akhale wokonzeka kudikira zaka zisanu kapena kuposa. M'kuona kwanga, iyenera munthu amene nyumba yace yatha kumangidwa, wopanda ngongole, wokhala ndi ndalama yakuti ikacepa ndi theka ana ace adzadyabe. Ambiri a ife malipiro atha mwezi usanathe, ndipo ndalama za cilimba ziri kale ndi nchito yace.

Potsiriza ndichule za anthu otumiza mau pa foni m'dzina la makampani ochuka, nalonjeza phindu lokhazikika mwezi ndi mwezi. Scottish Mortgage yeniyeni silonjeza kanthu, ndipo phindu limene igawira eni magawo pa caka silifika paundi imodzi pa mapaundi 100 aliwonse. Wina akadza kwa inu ndi lonjezo lotere, mufunseni cilolezo cace ca Securities and Exchange Commission ya ku Lusaka, ndipo mukafunse ku ofesiyo ngati dzina lace lirimo m'buku lao.