Miyezi itatu ku MBC: zomwe ndinaona kuseri kwa wayilesi

Loweruka lapitali ndinapatsidwa mpata woyankhula pa msonkhano wathu, koma ambiri simunabwere chifukwa cha mvula ija. A komiti andipempha kuti ndilembe zomwe ndinanena, ndiye nazi. Penapake zimveka ngati ndikucheza nanu pakamwa, chifukwa ndi momwe ndinazinenera.

Chibwerereni kuno ku Magomero, aliyense akundifunsa chimodzimodzi: "Aise, ku MBC kuja zinali bwanji? Nanga bwanji sitinakumve?" Ndiyankhe lachiwirilo kaye. Simunandimve chifukwa miyezi itatu yonse ya atachimenti, mawu anga sanatuluke pa wayilesi ngakhale kamodzi. Poyamba zinkandiwawa. Bambo anagulitsa nandolo kuti ndipeze ya minibasi kuchoka pa Namadzi kukafika ku Limbe, ndi yoyendera tsiku ndi tsiku kuchokera kwa azakhali ku Bangwe. Amayi nawo ankatchera khutu madzulo aliwonse kudikira mwana wawo. Koma pano ndikuona kuti m'miyezi imeneyi ndinaphunzira ntchito yeniyeni, ndipo ndikufuna inu amene mukulota zokhala muulutsi mudziwe mmene ntchitoyi imakhalira.

Tiyambe ndi malo ake. MBC inayamba mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo nthawi yonse ya Kamuzu inali wayilesi yokhayo m'dziko muno. Radio 2 inabwera mu 1997. Kanema wa TVM anayamba mu 1999, kenako anadzaphatikizidwa ndi MBC kukhala bungwe limodzi. Likulu lili ku Chichiri mu Blantyre, za kanema zimachitikira ku Kwacha, ndipo kuli maofesi enanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ndi bungwe lalikulu, ndipo mawu amene timawadziwa ndi a anthu ochepa chabe mwa onse ogwira ntchito kumeneko. Kuli akonzi a nkhani, atolankhani, ojambula, amakina, osunga nyimbo ndi matepi akale, madalaivala, osaka malonda, ndi mainjiniya amene amakwera mapiri kukakonza zida zotumizira mawu. Mmodzi mwa amenewa akagona, muulutsi uja angoyankhula yekha m'chipinda, kuno osamveka.

Chinthu choyamba chimene chinandidzidzimutsa ndi wotchi. Ife kuno tikati msonkhano uyamba 2 koloko, timayamba cha m'ma 3 ndipo palibe amadandaula. Kumeneko nthawi ya nkhani ikakwana, yakwana basi. Amawerenga masekondi. Nyali yofiira ikayaka pakhomo la situdiyo, ngakhale chifuwa umachimeza. Amene timawamva m'bandakucha akutidzutsa amakhala kuti anachoka kunyumba kukadali mdima. Khirisimasi, Isitala, Lamlungu, wayilesi siitseka, ndiye kuti wina amakhala pa shifiti pamene anzake akudya mpunga ndi nkhuku.

Ine ndinaikidwa m'chipinda cha nkhani. M'mawa kumakhala kamsonkhano kogawana ntchito, aliyense amanena nkhani imene akufuna kutsata, ndipo ukafika wopanda ganizo umachita manyazi. Ntchito yanga yambiri inali kunyamula chojambulira mawu, kulemba zomwe anthu anena, kudula mawu pa kompyuta, ndi kuyesera kutanthauzira nkhani kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Pamenepa mpamene ndinatsitsidwa. Ndinkadziona ngati katswiri poti Chichewa ndinakhoza bwino pa MSCE. Tsiku lina ndinatanthauzira nkhani ya bajeti liwu ndi liwu. Mayi wina wamkulu, mkonzi, anaiwerenga n'kundiyang'ana, amvekere: "Mwana wanga, kwanu ndi kuti?" Ndinati ku Magomero. Iwo anati: "Agogo ako akamva zimenezi ali pakhonde, adziwa kuti feteleza akwera kapena atsika?" Ndinasowa choyankha. Ndinailembanso katatu. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene ndikulemba ndimayamba ndachiwerenga mokweza, n'kudzifunsa ngati agogo angamve.

Ndinalakwitsanso zina, ndipo zolakwazo zinali zanga ndekha. Tinapita kukacheza ndi amayi ogulitsa tomato pamsika, ndinafunsa mafunso kwa mphindi khumi, pobwerera n'kupeza kuti sindinadine batani lojambulira. Ulendo wina ndinalemba molakwika dzina la a gulupu ena, mwamwayi mkonzi anaona nkhaniyo isanapite. Anandiuza kuti pa wayilesi palibe chofufutira. Mawu akatuluka afika ku Nsanje ndi ku Chitipa nthawi imodzi, ndipo mwini dzina sadzaiwala.

Tsopano ndinene mbali imene ena amaopa kuitchula. MBC imayendera ndalama za misonkho, za tonsefe, kuphatikizapo msonkho umene timalipira tikagula sopo ndi mayunitsi. Lamulo la zofalitsa mauthenga limafuna kuti izitumikira Amalawi onse mosakondera. Komabe nonse mukudziwa kuti chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, boma likasintha dandaulo limakhala lomwelo: otsutsa amati wayilesiyi imakondera chipani cholamula, ndipo iwowo akalowa m'boma, anzawo aja amayamba kudandaula zomwezo. Mu 2007 aphungu otsutsa, amene anali ambiri m'Nyumba ya Malamulo, anakwiya mpaka anangopatsa MBC ndi TVM K1 aliyense mu bajeti. Mu May 2020, pa nthawi ya kampeni ya chisankho chachibwereza, kanema wa MBC anaonetsa ndemanga ya pa Facebook yokhala ndi mawu otukwana malemu Saulos Chilima, dziko lonse linayankhula, ndipo antchito ena anaimitsidwa. Izi si zamseri, zinalembedwa m'manyuzipepala.

Ndiye ukamagwira ntchito pamalo ngati amenewa, umasenza mbiri imene sunaipange ndiwe. Mu minibasi anthu akadziwa kumene ukuchokera, wina amakuseka kuti ndiwe wa boma, wina amakupempha kuti ukamuperekere moni. Funso limene mtolankhani aliyense wa wayilesi ya boma amakumana nalo tsiku lina ndi lakuti: kodi bwana wanga ndi ndani, amene ali pampando lero, kapena mayi uja akumvera ali kudimba? Yankho lake ndi lophweka ukakhala pansi pa mtengo ngati momwe tinakhalira Loweruka. Ukakhala ndi lendi yoti ulipire ndi ana a sukulu, limalemera. Sindikunyoza aliyense, ndikungoti amene mukufuna ntchitoyi muyambiretu kuliganizira panopa, musanakhale ndi malipiro oti muwaope kutaya.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangopita ku Zodiak kapena ku Times? Kumenekonso ndi ntchito yabwino. Koma pali zina zimene wayilesi ya fuko ili ndi udindo wochita kaya zibweretse ndalama kaya ayi. Taganizani za ziyankhulo. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi, n'kutsala Chichewa ndi Chingerezi. Chinabwereranso mu 1994, ndipo patapita nthawi pang'ono kunayamba kumveka nkhani m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena ndi m'Chitonga. Kwa ife a ku Chiradzulu, kumene agogo ambiri ndi Alomwe ndi Ayao, zimenezi si zazing'ono. Taganizani za Nkhani za M'maboma, mmene anthu akumudzi amadziwira kuti zochitika kwawo nazonso ndi nkhani. Taganizani za 15 January, mapemphero okumbukira John Chilembwe ku PIM, pafupi pompano, akumveka dziko lonse. Ndipo kumbukirani March 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri kuno kwathu ndi ku Blantyre. Magetsi kunalibe, mafoni anathima, koma kawayilesi ka mabatire kanali kakuyankhulabe. Anthu amene ankayankhulawo nawonso anali ndi abale amene sankadziwa ngati ali moyo, koma anakhala pa shifiti.

Ndiye kwa inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene munandifunsa njira, nazi zochepa. Limbikirani Chingerezi ndi Chichewa mofanana, musachipeputse Chichewa. Ngati kwanu mumayankhula Chilomwe kapena Chiyao, musachite nacho manyazi, chingadzakutsegulireni khomo limene anzanu a m'tauni sangalowe. Maphunziro a utolankhani alipo ku MIJ ndi ku MUBAS mu Blantyre, komanso m'makoleji ena. Amene mumakonda fizikisi ndi zamagetsi, dziwani kuti wayilesi imafunanso mainjiniya. Ndipo phunzirani kusunga nthawi, kuyambira pa misonkhano yathu yomwe ino.

Chomaliza ndi pempho limene ndinapereka kwa a komiti. Tisadikire kulembedwa ntchito kuti tiyambe. Foni imodzi yojambula mawu ilipo kale m'kalabu muno. Mwezi uliwonse anthu awiri azisankha nkhani imodzi ya kuno kwathu, kaya ndi mjigo wowonongeka, mtengo wa nandolo, kapena mbiri ya mishoni imene inafika pa Magomero mu 1861 monga momwe akuluakulu amaifotokozera. Afunse mbali zonse, atsimikize dzina lililonse, aifupikitse kufika mphindi zitatu, kenako tiimvere limodzi tisanaiike pa tsamba lino. Ine ndidzathandiza kudula mawu, poti zimenezo ndiye ndinaziphunzira bwino.

Amene mukufuna kukhala awiri oyamba, perekani maina kwa mlembi pofika Lachisanu. Loweruka tiyamba 2 koloko yeniyeni.