WOTOLERA ZAKAAT AYAMBE WAPHUNZIRA ASANAGWIRE THUMBA

Chidule cha khutba ya Jumu'ah yomwe inaperekedwa pa mzikiti wina wa kwa Kalembo

Ndikuyamba ndi kumuyamika Allah (S.W.T) yemwe watisonkhanitsa muno tili amoyo, ndipo ndikupempha kuti madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. Ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

Abale anga olemekezeka m'Chisilamu, sabata yatha komiti ya mzikiti uno inalengeza kuti ikufuna anthu odzipereka oti azitolera Zakaat ndi Sadaka kwa Asilamu anzawo kumalo a ntchito: m'masukulu, m'zipatala, m'mashopu a pa Ulongwe, pa siteji ya akabaza, kwa asodzi a ku Malombe, mpakanso m'maofesi a ku Liwonde ndi ku Balaka kumene ana athu ena akugwira ntchito. Ambiri mwalembetsa maina, Alhamdulillah. Koma nditamva kuti ena akufuna kuti mabuku a malisiti agawidwe mawa lomweli, ndinawapempha akuluakulu kuti tiyambe tadikira kaye. Ndikudziwa kuti ena zinawakhumudwitsa, nchifukwa chake lero ndafuna kufotokoza pamaso pa nonse.

Ndili mwalimu wachinyamata pa mzikiti wina umene sindiutchula, tinasankha mnyamata kuti azitolera zopereka kwa anzake amene ankagwira nawo ntchito pamalo ena ogulira thonje. Anali mwana wabwino, wa Swala zisanu, woyamba kufika pa Fajr. Tinamupatsa thumba ndi kumuchitira duwa, basi. Iye ankalandira ndalama nkumaziika m'thumba limodzi ndi zake. Wina amupatsa Zakaat, wina ya mikeka ya mu mzikiti, wina ya maliro, zonse pamodzi, osalemba. Mwana wake atadwala anatapapo pang'ono ndi niya yoti adzabweza akalandira. Pofika tsiku lowerengera, iye mwini sankadziwa kuti zotolera zinali zingati. Zimene zinasowa mwina sizikanagula ndi mbuzi yomwe, koma anthu a pamalo aja anasiya kupereka kwa zaka zingapo, ndipo mnyamatayo anasamuka m'mudzi ndi manyazi. Mpaka lero ndimaona kuti gawo lalikulu la tchimo lija linali lathu, ife amene tinamusenzetsa katundu osamuuza kulemera kwake.

Ntchito yotolera Zakaat si ganyu wamba. Mu Surah At-Tawbah, ndime 60, Allah watchula magulu asanu ndi atatu a anthu oyenera kulandira Zakaat, ndipo gulu lachitatu, pambuyo pa mafukara ndi masikini, ndi la anthu ogwira ntchito yotolera ndi kugawa Zakaatyo. Ntchito imene Allah waitchula yekha m'Buku Lake ili ndi malamulo ake, ndipo Mtumiki (S.A.W) sankatuma munthu asanamulangize. Pamene ankamutumiza Mu'adh bin Jabal (R.A) ku Yemen chakumapeto kwa moyo wake, anamuuza ndondomeko yonse: ayambe kuwaitanira anthu ku Shahada, akavomera awaphunzitse Swala, akavomeranso ndi pamene awauze za Zakaat, kuti imatengedwa kwa olemera awo ndi kubwezedwa kwa osauka awo. Anamuletsa kusankha ziweto zonona ndi chuma chapamtima cha anthu, ndipo anamuchenjeza za duwa ya munthu woponderezedwa, kuti palibe chotchinga pakati pa iyo ndi Allah. Mu'adh anali mmodzi mwa maswahaba odziwa kwambiri halaal ndi haraam, komabe analangizidwa. Nanga ife ndife yani kuti tingonyamuka?

Choyamba chimene wotolera ayenera kuchidziwa ndi chakuti si aliyense wolandira malipiro amene Zakaat yamukakamiza. Zakaat ya ndalama imakhala faradhi pamene chuma chosungidwa chafika pa nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo chatha chaka chathunthu cha Hijri chili m'manja mwa mwini wake. Pamenepo amachotsa gawo limodzi mwa magawo 40, kutanthauza K25 pa K1,000 iliyonse, kapena K25,000 pa K1,000,000. Nisaab m'makwacha sikhazikika. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, choncho amene akugwiritsabe ntchito chiwerengero chimene anamva zaka zisanu zapitazo akusocheretsa anthu. Chaka chilichonse tifunse mtengo watsopano. Alipo ma Ulama a masiku ano, monga Sheikh Yusuf Al-Qaradawi, amene anaona kuti wolandira malipiro aakulu atha kuchotsa Zakaat pomwe walandirapo, koma ambiri mwa ma Ulama akale anagwira zoti chuma chiyambe chatha chaka. Wotolera asakagamule yekha nkhani ngati imeneyi pansi pa mtengo wa mango. Aibweretse kwa masheikh.

Mphunzitsi wa pulayimale amene malipiro ake amatha pa 15 mwezi usanathe, mlonda, wokonza m'chipatala, ambiri a iwowa Zakaat sinawakakamize, ndipo ena mwa iwo ndi oyenera kulandira. Zimene angapereke ndi Sadaka, mwa kufuna kwawo. Koma pali ena amene m'thumba mulibe ndalama pamene nkhokwe yadzaza. Chimanga kapena mpunga zikafika pafupifupi makilogalamu 653, omwe ndi matumba ngati 13 a makilogalamu 50, pamachoka thumba limodzi pa matumba khumi alionse ngati munda unadalira mvula, ndi theka lake ngati mwini anavutika kuthirira. Mbuzi zikafika 40 nkutha chaka pamachoka imodzi. Za thonje, lomwe timalima kwambiri kuno ku Balaka, ma Imam anasiyana: Imam Shafi'i anaika Zakaat ya mbewu pa chakudya chodalirika chimene chimasungika, pamene Imam Abu Hanifa anaiika pa zambiri zotuluka m'nthaka. Munthu wosadziwa zimenezi adzavutitsa mlonda nkumusiya mwini nkhokwe.

Pachifukwa chomwecho matumba akhale awiri, ndipo mabuku akhalenso awiri. Zakaat ili ndi eni ake amene Allah anawatchula. Malinga ndi ma Ulama ambiri siigula malata a mzikiti, siigula mkuzamawu, siiphikira alendo a pa msonkhano. Sadaka ndiyo ili ndi khomo lalikulu, ndipo itha kuthandiza mnansi aliyense wovutika, Msilamu ndi yemwe si Msilamu. Mnzanu wa mpingo wina kuntchito akaona zabwino nkufuna kuponyapo, mulandireni mwaulemu, muike ku thumba la Sadaka, koma musamulondelonde.

Tsopano ndifike pa chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kutolera kuntchito kumasiyana ndi kutolera pa khomo la mzikiti. Pa mzikiti tonse timaima mzere umodzi, phewa kukhudza phewa. Kuntchito kuli bwana ndi wantchito, kuli wolemba ena ntchito ndi woyembekezera kukwezedwa. Mphunzitsi wamkulu akayenda ndi pepala m'manja nkuima pa tebulo la mphunzitsi wongoyamba kumene, mwanayo apereka, koma wapereka kwa Allah kapena kwa bwana? Ntchito zimalipidwa malinga ndi niya, ndipo chuma cha Msilamu sichiloledwa kutengedwa popanda mtima wake kukondwa. Ndalama yotengedwa pomuchititsa munthu manyazi ilibe baraka, ngakhale itamangira chipinda cha madrassah. Choncho tagwirizana ndi komiti kuti wamkulu wa pantchito asakhale wotolera kwa amene ali pansi pake. Apereke zake, alimbikitse ndi mawu, koma buku ligwiridwe ndi wina.

Ndikuletsanso mchitidwe wopachika pepala pakhoma lolembedwa kuti uje wapereka zakuti, uje sanapereke. Ena amati zimalimbikitsa mpikisano pa zabwino. Ine ndaona zikubala riyaa, kudzionetsera, kwa amene ali nazo, ndi kugwetsa nkhope kwa amene alibe. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 264, Allah watichenjeza kuti kukumba ndi kunyoza kumaononga Sadaka, ndipo ndime 271 ikutiphunzitsa kuti kupereka mobisa kwa osauka nkwabwino koposa. Wotolera ndi msunga chinsinsi. Adziwa amene wapereka zochepa, adziwanso mayi wamasiye amene walandira, ndipo zonsezo zithere m'chifuwa mwake, osati pa bawo kapena pa WhatsApp. Ndipo musakabe nthawi ya olemba ntchito: pemphani chilolezo, tolerani nthawi yopuma kapena poweruka. Ku Malaysia ogwira ntchito ambiri amadulitsa Zakaat ku malipiro mwezi ndi mwezi, koma mwini wake amayamba wasainira yekha. Ngati pena pake padzakhale dongosolo lotero kuno, lidzayende choncho.

Nanga za mphatso? Kuno timakonda kunena kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mwambi umenewu usalowe mu mzikiti. Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira nkhani ya munthu wotchedwa Ibn Al-Lutbiyya amene Mtumiki (S.A.W) anamutuma kukatolera Zakaat. Pobwera anagawa katundu pawiri, kwina nkunena kuti ndi Zakaat, kwina kuti anachita kupatsidwa ngati mphatso. Mtumiki (S.A.W) anakwera pa mimbari nafunsa chifukwa chimene munthu wotereyu sanangokhala m'nyumba ya bambo ake kapena mayi ake kuti aone ngati mphatsozo zikanamupeza, ndipo anachenjeza kuti wotenga kanthu mwa njira imeneyi adzakasenza pakhosi pake tsiku la Qiyama, kaya ndi ngamira, ng'ombe kapena mbuzi. Taganizani, abale anga: munthuyu sanabise, anaulula yekha, komabe anadzudzulidwa pagulu. Mwini golosale akakupatsa paketi ya shuga kuti usawerenge bwino katundu wake, msodzi akakuponyera chambo, wolandira akakubwezera "ya sopo" kuti chaka chamawa udzamukumbukire, zonsezo ndi zomwezo. Mdzukulu wa Mtumiki, Hassan (R.A), ali mwana anaika m'kamwa tende imodzi ya Sadaka, ndipo agogo ake anamulavulitsa. Zoona, wogwira ntchito ya Zakaat ali ndi gawo lake m'Qur'an, koma sadzidulira yekha. Ngati pafunika ya thiransipoti kapena ya mayunitsi, komiti igamule poyera ndipo ilembedwe.

Za kulemba sindichulukitsa. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, Al-Baqarah 282, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Wopereka aliyense alandire lisiti, ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri, ndipo zisagone kunyumba kwa wotolera kupyola Lachisanu lotsatira. Zobwera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kuphatikizapo za ana athu a ku Johannesburg, zilowe pa nambala ya komiti, osati ya munthu. Wina asati mukundikayikira. Lisiti limateteza iwe wotolera kuposa wina aliyense. Mnyamata ndinamutchula uja akanakhala ndi buku, bwenzi ali pakati pathu.

Ndipo polandira musangoti zikomo nkutembenuka. Mu At-Tawbah ndime 103 Mtumiki (S.A.W) analamulidwa kuwapempherera opereka, ndipo bambo a Abdullah bin Abi Awfa atabweretsa Sadaka yawo, iye anawapemphera madalitso iwo ndi banja lawo. Phunzirani duwa imeneyi. Kwa akuluakulu amene Chichewa chimawavuta, afotokozereni m'Chiyao, modekha, mutakhala pansi.

Mwina wina akuti, Sheikh, mwatiopseza, bola ndifufute dzina langa. Ayi, m'bale wanga, usafufute. Hadith yochokera kwa Abu Musa Al-Ash'ari (R.A) ikutiuza kuti msungichuma wokhulupirika, amene amapereka zonse zimene walamulidwa ndi mtima wokondwa kwa woyenera, amawerengedwa kuti ndi mmodzi mwa opereka Sadaka. Wakabaza wopanda nisaab atha kupeza thawabu za olemera pongonyamula amana mokhulupirika. Ndipo tikukufunani. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024, pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, zinatipeza tikungoyang'ana kumsewu kudikira galimoto za mabungwe. Tikuyamika zimene Islamic Zakaat Fund yachita polipirira ana ambiri a Chisilamu sukulu m'dziko muno, ndipo abale athu a ku South Africa ali ndi SANZAF kuyambira 1974, koma mabungwe amenewa anakula chifukwa anthu anaona kumene ndalama zawo zapita. Malangizo a kwa Mu'adh aja akuti za olemera a pamalo zibwerere kwa osauka a pamalopo. Mayi wamasiye wa kuseri kwa mzikiti uno sadziwika ku Limbe, timamudziwa ndife.

Choncho maphunziro a otolera ayamba Loweruka likudzali ikatha Swala ya Asr, muno mu mzikiti, ndipo achitika Loweruka zinayi zotsatizana. Alongo athu adzakhala ndi gawo lawo, chifukwa kwa amayi ogwira ntchito ndi ochita malonda kudzapita amayi anzawo. Aliyense abwere ndi kope ndi cholembera. Amene adzajombe kawiri sadzapatsidwa buku la malisiti chaka chino, ngakhale atakhala mwana wanga. Pakutha pa miyezi itatu iliyonse msungichuma adzaima pano ikatha Jumu'ah kuwerenga zimene zalowa ndi zimene zatuluka, popanda kutchula dzina la wopereka kapena wolandira, ndipo mabuku adzakhala otsegula kwa aliyense wofuna kuwaona.