Wa Thupi Lalikulu pa Ulendo wa ku Mangalande

Kum'mwera kwa mzinda wa Harare, m'mbali mwa msewu wa Seke, kuli dera la mafakitale lotchedwa Graniteside. M'mawa mulimonse kumafika antchito ochokera ku Mbare, ku Sunningdale, ku Highfield ndi ku Chitungwiza, ndipo pakati pawo pali ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete amene anadza kudzafuna ntchito mzindawo ukali kutchedwa Salisbury. Mabanja ambiri otere tsopano ali ndi mwana ku Mangalande. Ena anapita kale, ena anapita kuyambira mu 2022, pamene boma la Britain linatsegulira khomo antchito osamalira okalamba ndi odwala. Khomolo linatsekedwa mu Julayi 2025, koma amene analowa ali komweko, ndipo akuitana makolo awo kuti akaone adzukulu.

Mwa oitanidwawo muli amayi ndi abambo a thupi lalikulu. M'maiko atatu ano kunenepa sikuchititsa manyazi, ndipo munthu wojintcha amampatsa mpando wabwino paukwati ndi pamsonkhano. Koma ndege, sitima ndi nyumba za ku Ulaya anazipanga ndi muyeso wina, wosasamala ulemu wa munthu. Zovuta zambiri za paulendowu ziri ndi chithandizo chake, koma chithandizocho amalandira ndi wopempha yekha, ndiponso wopempha nthawi ikalipo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Masiku a chitaganya munthu ankakwera sitima ya pamtunda kunka ku Cape Town, nakwera sitima ya pamadzi ya Union-Castle, nakhala panyanja pafupifupi milungu iwiri kufikira ku Southampton. Ulendo unali wautali, komabe munthu ankayendayenda masana nagona pakama usiku. Sitimazo zinaleka mu 1977. Ndege za British Airways zochokera ku London zinasiya kutera ku Harare mu 2007, ndipo za Air Zimbabwe zinaleka kupita ku London kumapeto kwa 2011. Chiyambire nthawi imeneyo apaulendo akhala akudzera ku Johannesburg, ku Addis Ababa, ku Nairobi, ku Doha kapena ku Dubai. Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku London ndi maola ngati 11, munthu ali chikhalire pampando umodzi.

Choyamba tsono ndi mpandowo. Mipando yotsika mtengo m'ndege za ulendo wautali imakhala masentimita 43 kufikira 46 m'lifupi mwake, pakati pa zotsamirapo mikono. Wapaulendo angathe kudziyesa ali kunyumba. Akhale pabenchi, wina aike njerwa kumanja ndi ina kumanzere, zongokhudza m'chiuno, ndipo iye akanyamuka ayese mpatawo ndi tepi ya telala. Mpata ukapitirira kwambiri masentimita 46, alankhule ndi kampani ya ndegeyo asanalipire kanthu. Makampani ambiri amafuna zinthu ziwiri: kuti lamba amangike, ndi kuti zotsamirapo mikono zitsike ponyamuka ndi potera. Amene sangakwane amalangizidwa kugula mpando wachiwiri. Mtengo wake umasiyana kampani ndi kampani, ndipo kugula kwake kuchitike kudzera ku ofesi ya ndegeyo kapena kwa wogulitsa matikiti wodziwika. Munthu akagula yekha pa intaneti matikiti awiri a dzina limodzi, makina angathe kuyesa kuti walakwitsa, nafafaniza imodzi.

Amene alibe ndalama za mpando wachiwiri asataye mtima. Woyenda ndi mkazi wake, mwamuna wake kapena mdzukulu apemphe mipando yoyandikana, pakuti ndege ikakwera angathe kukweza chotsamirapo cha pakati nagawana malo. Woyenda yekha asankhe mpando wa m'mphepete mwa kanjira, kumene phewa limapeza mpata ndipo kunyamuka sikuvuta, koma achenjere ndi ngolo ya chakudya ikamadutsa. Mipando ya pamzera woyamba ndi ya pakhomo lothawira ngozi imakopa anthu chifukwa miyendo imatambasuka, koma kawirikawiri zotsamirapo zake sizikwezeka, pakuti tebulo lodyerapo limabisala m'menemo, kotero kuti m'chiuno mumathina koposa.

Lamba akaperewera, m'ndege muli chidutswa cholumikiza chomtalikitsa, ndipo sichigulitsidwa. Nthawi yabwino yochipempha ndi polowa pakhomo penipeni, anthu asanadzaze. Ogwira ntchito m'ndege amamva pempho limeneli tsiku ndi tsiku, ndipo amabweretsa mwakachetechete. Choipa ndicho kubisa lamba wosamanga kunsi kwa bulangete chifukwa cha manyazi, pakuti ndege ikagwedezeka mwadzidzidzi m'mlengalenga, wosamangayo ndiye amavulala. Wogwiritsa ntchito chidutswachi kawirikawiri saloledwa kukhala pakhomo lothawira ngozi.

Chachiwiri, chimene chiri choopsa koposa kuthina kwa mpando, ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Munthu akakhala nthawi yaitali mawondo ali opinda, magazi amayenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina amaundana. Kachidutswa koundanako kakathothoka kamapita kumapapo, ndipo kangathe kupha. Mu 2007 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti ngoziyi imawirikiza kawiri paulendo wa maola 4 kapena kupitirira, ndi kuti imagwera munthu mmodzi mwa anthu ngati 6,000 oyenda ulendo wotere. Chiwerengerocho n'chochepa, koma onenepa kwambiri anawatchula pakati pa amene ngoziyo imawayandikira koposa. Chotero wapaulendo anyamuke kawirikawiri nayende m'kanjira, ndipo atakhala pansi azigwedeza mapazi monga wopalasa makina osokera. Amwe madzi, achepetse mowa, ndipo apewe mapiritsi ogonetsa. Asananyamuke aonane ndi dokotala, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga, a mtima kapena othamanga magazi, nafunse za masokosi othina oyenera muyeso wa katumba wake. Ngozi siithera pabwalo la ndege. Mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa, kapena mpweya ukayamba kubanika, ngakhale patapita milungu, apite kuchipatala msanga. Nambala ya ngozi ku Britain ndi 999.

Pano mpofunika kudziwa kuti mlendo wa viza yocheza, imene imalola kukhala kufikira miyezi 6, sagonekedwa m'chipatala cha ku England kwaulere. Thandizo la kuchipinda cha ngozi salipiritsa, koma akamgoneka amamlipiritsa mtengo wonse ndi theka lake pamwamba. Inshuwalansi ya paulendo igulidwe, ndipo matenda onse atchulidwe poyera, pakuti obisidwa kampani siilipira. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, m'mabokosi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Chachitatu ndi zovala. Nyengo za kumeneko n'zotembenuka: pamene Harare ali m'dzinja la mvula ndi kutentha, London ali m'chisanu, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Wa thupi laling'ono angathe kubwereka chikhoti kwa mwana wake, koma wa thupi lalikulu sabwereka, ndipo masitolo ambiri a kumeneko sasunga masaizi aakulu kwambiri pamashelefu. Nzeru ndiyo kufuna chikhoti chokhuthala akali kuno, kumsika wa Mupedzanhamo ku Mbare, kumene zovala zimenezi amazitcha mabhero, monga kaunjika ku Lilongwe ndi salaula ku Lusaka, ndi kuchipereka kwa telala kuti achikonze. Zovala zosinthira za tsiku limodzi zikhale m'chikwama cha m'manja, pakuti sutikesi ikatsalira ku Addis Ababa, saizi yake siipezeka tsiku lomwelo. Nsapato zikhale zozolowereka ndi zomasuka, chifukwa mapazi amatupa m'ndege. Wokhoza kusankha nthawi apite pakati pa Meyi ndi Seputembala.

Chachinayi ndi kuyenda pansi. Mabwalo a ndege a ku Dubai ndi Heathrow ali ndi makonde ataliatali. Wovutika mawondo kapena wobanika msanga apemphe chithandizo kwa kampani ya ndege maola 48 asananyamuke, ndipo adzamtenga pa kangolo kapena panjinga popanda malipiro. Posintha ndege asankhe mpata wa maola atatu m'malo mwa ola limodzi. Mu London sitima zapansi panthaka zinayamba mu 1863, ndipo masiteshoni ambiri akali ndi makwerero opanda chikepe. Njanji ya Elizabeth, yotsegulidwa mu 2022, imafika ku Heathrow, sitima zake n'zotakasuka, ndipo pamasiteshoni ake onse munthu amafika pokwerera osaponda makwerero. Pamalo oonetsa tikiti pamakhala chipata chimodzi chachikulu, ndipo aliyense angathe kudzerapo. M'basi yosanja akhale pansi, pakuti makwerero ake ndi opapatiza. Nyumba zambiri za kumeneko n'zogundizana, zipinda zogona ndi bafa ziri pamwamba, kotero si chipongwe kholo kufunsa mwana wake kuti makwerero ndi angati, ndipo kama ali kuti.

Kutsala mwezi umodzi, wapaulendo ayambe kuyenda pansi madzulo alionse, kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, atavala nsapato zimene adzapite nazo. Cholinga chake si kuonda, koma kuti miyendo izolowere. Amene wayesa mpando, waonana ndi dokotala, wasoketsa chikhoti, nanena poyera zosowa zake, adzafika ku Mangalande ali ndi mphamvu zonyamula mdzukulu amene wapitira.